Zikomo wa Bincy

Kwathu ku Ntcheu, ukalandira chinthu ndi dzanja limodzi, mayi anga ankakulanda n'kukupatsanso kuti ulandire bwino. Zikomo tinkamunena podzuka, pakudya, popita, pobwera, ngakhale podutsa pakati pa anthu. Ndiye pamene a Helen, omwe ankayang'anira wodi yathu, anandiitana mu ofesi mwawo mu Seputembala wa 2004 n'kundiuza kuti kwabwera nesi wofunika kumuphunzitsa ulemu, ndinati mumtima ntchito yapeza mwini wake. Ndinatuluka mu ofesimo mapewa ali m'mwamba.

Nesiyo anali Bincy Kurian, wa ku Kerala, kumwera kwa dziko la India, kumene amayankhula Chimalayalamu. Chaka chimenecho chipatala chathu cha ku Wolverhampton chinatenga manesi ambiri a kumeneko, monga chinatitengera ife a ku Malawi zaka ziwiri m'mbuyomo. Lamulo linali limodzi kwa tonse obwera. Kaya wagwira ntchito zaka zingati kwanu, uyambe wakhala miyezi isanu ndi umodzi pansi pa nesi wina. Nesi ameneyo akasaina fomu kuti wakhoza zonse, m'pamene umalandira nambala yako ya unesi ndi ntchito yokhazikika, ndipo m'pamene ungaitanitse banja lako. Bincy anasiya mwamuna kwawo, ndi kamtsikana ka zaka zitatu dzina lake Annu. Chithunzi cha mwanayo chinkakhala m'thumba la yunifomu, pamodzi ndi zolembera. Anali atawerengera kale kuti akamaliza mu Malichi, Annu adzadya Isitala ali pamiyendo pa mayi ake. Wosaina fomuyo ndinali ine.

Pa ntchito yeniyeni Bincy analibe chomuphunzitsa. Mtsempha umene ife tonse tausowa, iye ankaupeza kamodzi. Vuto linali pakamwa. Akafika kwa wodwala ankangoti, "Give hand." Akabweretsa mankhwala, "Take tablet." Odwala athu, ambiri a iwo nkhalamba zimene zinathera mphamvu m'mafakitale, ankamva ngati akulamulidwa ndi msilikali. Komanso akamufunsa kanthu, ankapendeketsa mutu uku ndi uku, umene ndi kavomeredwe ka kwawo. Gogo wina dzina lake Norman, amene anakhalitsa m'wodimo chifukwa cha chilonda cha pamwendo, anamufunsa tsiku lina, "Is that a yes or a no, bab?" Bab ndi mmene anthu a kuno amaitanira munthu mwachikondi. Bincy anapendeketsanso mutu, a Norman n'kuitanitsa a Helen.

Choncho tinayamba sukulu yathu, pa breki, m'kachipinda komwera tiyi. Bincy anagula kakope kofiira. Ine ndikatchula mawu, iye ankawalemba m'zilembo za kwawo, zozungulirazungulira ngati nyemba zomwazika pa lichero, kuti asaiwale katchulidwe. Ndinamuphunzitsa kuyamba ndi "Good morning, my name is Bincy," asanagwire munthu. Ndinamuphunzitsa kuti kuno ukafuna munthu akweze mkono, umayamba kumufunsa ngati angakonde kuukweza, ngati kuti mkonowo ukupita ku ukwati. Ndinamuchenjeza kuti "You alright?" si funso lofuna mbiri ya moyo wako. Pamenepo ndinkanena zimene zinandionekera ndekha, poti nditangofika kumene ndinaimitsa munthu wokankha matirole pakhonde n'kumufotokozera za msana wanga, chifuwa cha mwana wanga Mwai, ndi mvula ya ku Ntcheu, iye akungoyang'ana wotchi. Bincy anaseka mpaka tiyi anamutsamwa.

Phunziro lalikulu linali "thank you". Ndinamuuza kuti kuno mawu amenewa ali ngati mchere, amalowa paliponse. Dalaivala wa basi umuthokoze potsika. Wodwala akameza piritsi lake lomwe, umuthokoze. Pakhonde lopita ku famase panali zitseko zitatu zotsatizana, ndipo ndinamuonetsa kuti munthu akakugwirira zonse zitatu, umathokoza katatu.

"Katatu, chechi?" anafunsa motero, maso atatuluka.

"Katatu. Ukaiwala chachitatu, ziwiri zoyambazo zapita pachabe."

Analemba m'kakope kaja. Dzina loti chechi anandipatsa sabata yachiwiri. Nditafunsa anati ndi mmene amaitanira mkulu wake wamkazi. Ndinalilandira monga munthu amalandirira dzina la pantchito, osaliganizira kawiri.

Mtsikanayo anali ndi mutu. Pofika Khirisimasi anali akuthokoza aliyense, moti ndinkamuseka kuti tsiku lina adzathokoza makina oyezera BP. A Norman potuluka m'chipatala anamusiyira bokosi la chokoleti, namutsanzika kuti "Ta-ra a bit, bab," iye n'kuwayankha chimodzimodzi wodi yonse ikuseka. A Helen anandiyamikira pamaso pa anthu. Ndinamva kukoma kwambiri, sindibisa.

Koma panali munthu mmodzi amene Bincy sankamuthokoza, ndipo munthuyo ndinali ine.

Kuzizira kutayamba ndinamuona akubwera ku ntchito ndi kajuzi kopyapyala, milomo itayera. Ndinamupatsa jasi yanga yobiriwira, imene ndinaigula ndi malipiro anga oyamba kuno. Anaivala, namanga mabatani, napisa manja m'matumba, n'kuti, "Thumba ili ndi long'ambika, chechi. Ndisoka." Basi, nkhani inathera pomwepo. Ndinasinthana naye mashifiti kuti azitha kupita ku Misa ya Chimalayalamu ku Birmingham kamodzi pa mwezi, iye n'kungopendeketsa mutu. Amuna anga, a Greyson, anamunyamulira matiresi pa galimoto mpaka ku nyumba imene ankakhala ndi manesi anzake ku Whitmore Reans. Anawapatsa tiyi ndi nthochi zokazinga, koma mawu amene ine ndinkawadikira sanatuluke.

Kunyumba kwanga ankalowa ngati kwawo. Odi wake anali kugogoda kamodzi, kenako ali kale kukhitchini, watsegula filiji, akutsuka mbale zimene sindinamutume. Ankamukhazika Mwai pamiyendo n'kumamudzoza mafuta a kokonati m'mutu, mwana akuti, "Mum, it smells like biscuits." Pa breki ankapisa supuni m'kontena yanga osapempha. N'zoona kuti nayenso ankandibweretsera chakudya pafupifupi tsiku lililonse, m'tizitini tachitsulo tosanjikiza, makamaka chinangwa chophika ndi nsomba za tsabola, atamva kuti chinangwa ndinakulira. Ine ndinkalandira ndi manja awiri n'kunena, "Thank you so much, Bincy," mokweza pang'ono, kuti atengerepo phunziro. Nkhope yake inkagwa, n'kuyang'ana kumbali. Ndinkati ndi matama.

"Mtsikana uja ndi wosayamika," ndinawauza a Greyson tsiku lina tikuchokera kutchalitchi. "Makilina amawathokoza, madalaivala amawathokoza. Ine amene ndinamuphunzitsa thank you yemweyo, ziii. Akundiona ngati wantchito wake?"

"Mwamufunsa koma, mayi a Mwai?"

"Ndikafunse kuti chiyani? Kuti chonde ndithokoze? Zikomo wochita kupempha ndi zikomo ameneyo?"

"Ine ndangoti mufunseni. Safunsa anadya phula."

"Inu yendetsani galimoto, za kuwodi zisiyeni."

Anangoyendetsa galimoto, poti amandidziwa ndikafika pamenepo.

Chimene chinanditsiriza chinachitika kumapeto kwa Febuluwale. Fomu ya Bincy inkafunika Lachitatu. Lachiwiri masana, shifiti yathu itatha, ndinatsalira naye maola awiri kumuthandiza kusanja mapepala ake onse, Mwai akundidikira kwa aneba. Tili mkati, mayi wokolopa anasuntha ndowa kuti Bincy adutse, Bincy n'kumwetulira, "Oh, thank you, that's very kind of you." Mawu anga enieni, katchulidwe kanga komwe. Titamaliza anatseka fayilo, navala jasi yanga ija, nati, "Mawa ubwere ndi cholembera chakuda, chechi, cha buluu salola." Natuluka.

Mawa lake ndinabweradi ndi cholembera chakuda. Fomuyo inali ndi mabokosi ambiri, ndipo ndinachonga kuti wakhoza m'modzim'modzi, mankhwala, zilonda, ukhondo, kulemba malipoti. Nditafika pa bokosi la kayankhulidwe ndi anthu, dzanja linaima. Ndinachonga kuti akufunika kuphunzirabe, ndipo pansi pake ndinalemba chiganizo chimodzi, choti sanafike pothokoza anzake a pantchito akamuthandiza. Ndinadziuza kuti a Helen angomuitana n'kumudzudzula pang'ono, iye adziwe kuti nanenso ndine munthu.

A Helen anawerenga fomuyo ine ndili chiimire. Anavula magalasi.

"Enifa, ukudziwa kuti bokosi limodzi likatsala ndi miyezi ina itatu?"

Ndinkadziwa. Ndinali nditangosankha kusakumbukira. Pamenepo m'pamene ndikanati, pepani, ndalemba ndi mkwiyo, bweretsani ndikonze. Koma nesi wamkulu ngati ine, wotamandidwa pamaso pa anthu, ndikanayamba bwanji kunena kuti ndagwetsa munthu chifukwa sanandithokoze jasi? Manyazi a kanthu kakang'ono anandichititsa chinthu chachikulu. Ndinangoti, "Ndi mmene ndaonera."

"Ndiwe wakhala naye," anatero a Helen. "Ndidalira mawu ako."

Bincy anauzidwa Lachisanu kuti miyezi yawonjezeredwa, koma fomu anati adzaiona Lolemba posaina. Anandipeza mosungira mankhwala, maso ali psuu, nanditsamira paphewa. "Sindikudziwa ndalakwa pati, chechi. Ubwere Lamulungu, mutu wanga sukugwira." Ndinamusisita pamsana ndi dzanja lomwe lija linalemba.

Lamulungu masana ndinapita ku Whitmore Reans. Bincy kunalibe, anali atapita kukagula khadi loimbira foni kuti akawauze a kwawo. Ananditsegulira ndi a Mariamma, nesi wachikulire wa m'nyumbamo, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri ku Kuwait ndipo Chingerezi chawo chinali chakupsa. Anandikhazika pabalaza. Pakona panali kabedi ka mwana, katsopano, kali m'pulasitiki, ndipo pamwamba pake panali kajasi kofiira ndi tinsapato ta mvula. A Mariamma anabweretsa tiyi, ine ndikulandira ndi manja awiri.

"Thank you," ndinatero.

"You're welcome," anayankha, kenako anaseka. "Ine mutha kundithokoza, sitinadziwane kwenikweni. Koma mnzanu uja mumamuliza nazo zimenezi."

"Ndimamuliza bwanji?"

"Amabwera kuno akudandaula. Amati, ndimamuphikira chechi chinangwa, iye n'kundiuza thank you so much ngati ndine wa m'sitolo. Ndamulakwira chiyani kuti azindiikabe panja?"

Ndinaika kapu pansi.

A Mariamma anapitiriza, osadziwa kuti akundisenda khungu. Anati m'mabanja a kwawo munthu wako sumuthokoza ndi pakamwa. Mayi ako akakupakulira mpunga iwe n'kunena zikomo, angakufunse ngati wasanduka mlendo. Mawuwo alipo m'chiyankhulo chawo, koma ndi a pamsonkhano, kapena a munthu amene mwakumana naye panjira ndipo simudzaonananso. Wako umamuphikira, umamutsukira mbale, umadya m'mbale mwake. "Zimene mumamuphunzitsa zija anazigwira bwino," anatero. "Kumapeto kwa kakope kake analemba mndandanda wa anthu oyenera thank you. Odwala, madokotala, a Helen, dalaivala. Anandifunsa ngati alembepo inu. Ndisanayankhe anadziyankha yekha, amvekere, ayi, chechi ndi wa m'nyumba. Bincy anamuphunzitsanso kale Annu pa foni kuti akadzafika azidzakuitanani mayi aakulu."

Sindinathe kumuyembekeza Bincy. Ndinanama kuti ndasiya mphika pamoto, n'kutuluka. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, basi ikundidutsa, chifukwa sindinkafuna kukhala moyang'anizana ndi munthu aliyense. Miyezi isanu yonse mtsikana uja ankandithokoza tsiku ndi tsiku m'tizitini tachitsulo, ine ndikudya, ndikunyambita zala, n'kumapita kunyumba kukamunena kuti ndi wosayamika. Nditawafotokozera a Greyson, sananene za phula zija. 

Lolemba ndinalawirira kuti ndikawapeze a Helen Bincy asanafike. Ndinachedwa. Ndikufika pa ofesi, chitseko chinatseguka, Bincy akutuluka ndi pepala m'manja. Zolemba za dzanja langa ankazidziwa bwino, zinali zodzaza m'mphepete mwa kakope kake. Anandiyang'ana kamodzi, osati mokwiya, koma ngati munthu amene waponda sitepe imene palibe. Anapatuka kuti ndidutse.

Ndinalowa n'kuwauza a Helen zonse, za jasi, za matiresi, za chinangwa. Pofotokoza ndinadzimva ndekha mmene nkhaniyo inalili yopusa, ndipo ndinasowa poika nkhope. A Helen anamvetsera mpaka kumapeto. Anati mapepala anapita kale ku ofesi ya maphunziro Lachisanu, ndipo gulu loona zimenezi silikhalanso mpaka Meyi. Anati alemba kalata, koma Isitala ndiye yapita. Anatinso Bincy amupatsa nesi wina womuyang'anira, ndipo ine ndisadzasainenso fomu ya munthu mpaka iwo adzanene. Zonsezo ndinavomera mutu uli pansi.

Pa breki ndinakhala ndekha m'kachipinda komwera tiyi, ndikukonza mawu opepesera. Ndinali nawo ambiri, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. Bincy anagogoda, chinthu chimene sanachitepo pa chitseko chimenecho, nadikira mpaka nditati alowe. M'manja munalibe tizitini. Munali jasi yobiriwira, yopindidwa bwino, thumba lija litasokedwa ndi ulusi wofanana nayo. Anaipereka ndi manja awiri, monga ankandionera ine ndikuchitira.

"Bincy, mng'ono wanga, khala pansi ndikuuze," ndinayamba motero.

Sanakhale. Anaima mowongoka, nandiyang'ana m'maso monga ndinamuphunzitsira, namwetulira pang'ono monga ndinamuphunzitsira.

"Thank you very much for the coat, Sister Enifa," anatero. "It was very kind of you. Thank you for all your help."

Sanalakwitse ngakhale liwu limodzi. Anayembekeza kanthawi, poti ndinamuuza kuti wothokozedwa amayankha, koma ine ndinangoyang'ana jasi ija. Atatuluka ndinayang'ana pawindo. Kunja kunkagwa mvula yosakanikirana ndi matalala, ndipo madzulo ake ndinamuona akupita kokwerera basi ndi kajuzi kopyapyala kaja.

Ndinapepesa pambuyo pake, kangapo konse, pakamwa ndi pakalata. Nthawi zonse ankamvetsera mwaulemu n'kunena kuti palibe vuto, kenako n'kundithokoza chifukwa chopepesa. Annu anafika mu Julaye, tinsapato ta mvula tija titamuchepera. Ndinakumana nawo kumsika Loweruka lina, mwanayo atagwira chala cha mayi ake. Bincy anawerama namunong'oneza, ndipo kamtsikanako kanatambasula dzanja n'kuti, "Nice to meet you, Mrs Enifa."

Tikugwirabe ntchito wodi imodzi. Jasi ija ili m'kabati, sindinaivalenso. Tikamapita ku famase ndimatsogola n'kumugwirira zitseko zija, ndipo amandithokoza pa choyamba, pa chachiwiri, ndi pa chachitatu pomwe.